Kwa mdzukulu amene akuchita manyazi ndi makina osokera

Mdzukulu wanga, uthenga wako ndaulandira. Ukunena kuti unamaliza maphunziro a utelala, koma anzako amene amaoda mabelo a kaunjika kapena kukapikula katundu ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg akukuseka kuti wasankha ntchito ya anthu akale, ndipo ukufunsa chifukwa chimene ife akuluakulu timaumirira ntchito zamanja pamene mafakitale a m'dziko muno anatha kale mphamvu. Funsoli ndi loyenera, ndipo ndikuyankha monga munthu amene anakhala pakhonde la sitolo ndi makina opalasa ndi phazi kwa zaka zoposa makumi atatu.

Pamene ndinkafika ku Blantyre m'zaka za m'ma 1970, m'mawa uliwonse njira zochokera ku Ndirande zinkadzaza ndi anthu opita ku Makata ndi ku Ginnery Corner, ena pa njinga, ambiri wapansi, kamba wa masana atamumanga m'kansalu. Thonje la ku Chikwawa, Balaka ndi Salima linkalowa pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons n'kutuluka lili nsalu, ndipo nsalu yomweyo ndi imene ine ndinkadula pathebulo langa. Nsapato za Bata zinkapangidwa mumzinda momwemo, wailesi ya Nzeru imene inkalira m'midzi yambiri inkalumikizidwa konkuno, shuga anayamba kupangidwa ku Nchalo mu 1966, simenti inkachokera ku miyala ya ku Changalume, ndipo Carlsberg inatsegula fakitale yake mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mafakitale ankapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma chonse chimene dziko limapanga pa chaka. Kuchokera cha m'ma 2000 kufika lero, gawolo lakhala likuzungulira pa limodzi mwa magawo khumi.

Usamvere aliyense wokuuza kuti kutsikaku kunadza chifukwa cha ulesi wa achinyamata, pakuti kunayamba iwe usanabadwe. Mafakitale aja ankatetezedwa ndi misonkho yokwera pa katundu wakunja, ambiri anali m'manja mwa kampani ya Press, mabungwe a boma a ADMARC ndi MDC (Malawi Development Corporation), ndi makampani akunja monga Lonrho, ndipo makina ndi zipangizo zawo zambiri zinkagulidwa ndi ndalama zakunja zochokera ku fodya ndi tiyi. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu anayamba kuzungulira njira zazitali ndipo mtengo wopangira chinthu chilichonse unakwera. Kuyambira 1981 boma linalowa m'mapangano osintha kayendetsedwe ka chuma ndi World Bank ndi IMF, malire anatsegukira katundu wakunja pang'onopang'ono, mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti mtengo wake uziyendera msika, ndipo lamulo logulitsa makampani a boma linadza mu 1996. Fakitale ya nsalu ija inagulitsidwa mu 2003 itafooka kale. Pamwamba pa zonsezi pali magetsi, amene ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, kotero kuti namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, makina ambiri m'dziko lonse ankangokhala chete kwa maola ochuluka tsiku lililonse.

Kaunjika ndinamuona akufika ndi maso angawa. Tsiku lina bambo amene ndinkamusokera malaya chaka chilichonse anandisonyeza shati yokhala ndi kolala yolimba imene anagula pamsika pa mtengo wosakwana ndi wa nsalu yokha imene ine ndikanagula, ndipo nditaitembenuza kuti ndione msoko, ndinapeza kuti unali wabwino. Kuchokera nthawi imeneyo ntchito yanga yambiri inasanduka kuchepetsa mathalauza a anthu a ku Ulaya kuti akwane ziuno za Amalawi. Komabe sindingakunamize kuti kaunjika anangobweretsa zoipa zokha, chifukwa ndikukumbukira ana a kumudzi amene ankayenda ndi zigamba pa zigamba, ndipo kaunjika ndi amene anawaveka. N'chifukwa chake sindikufuna kumva kuti ukunyoza anzako aja. Akudyetsa mabanja awo mwachilungamo, ndipo mwambo wathu sulola kunyoza thukuta la munthu.

Koma iwenso usalole kuti thukuta lako linyozedwe. Belo lililonse limalipiridwa ndi madola, ndipo dziko likamagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa, madolawo amasowa. Unaona wekha mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, mmene mitengo ya mabelo inalumphira ndi mmene ogulitsa ena anatsekera mabenchi awo. Nawenso ulusi, mazipi ndi singano umagula zakunja, choncho ululuwo sunakuphonye, koma gawo lalikulu la mtengo wa diresi limene wasoka ndi luso la manja ako, ndipo lusolo silidikira ndalama zakunja kubanki. Boma nalo linavomereza zimenezi poyambitsa ndondomeko yolimbikitsa kugula katundu wopangidwa konkuno ya Buy Malawi mu 2016 ndi poika mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zitatu za masomphenya a Malawi 2063, ngakhale kuti zolembedwazo sizinafike mokwanira pakhonde la telala.

Tsono za khalidwe, zimene ndi gawo langa kukuuza. Satifiketi yako isakupangitse kudziona ngati watha kuphunzira. Pita kwa mmisiri wachikulire, umulonjere mwaulemu, ukhale pansi pake ngakhale chaka chimodzi, ndipo akakutuma kusita kapena kusokerera mabatani usanyinyirike, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudula nsalu ya munthu wamapewa opendekeka sikuphunzitsidwa pabolodi. Kale mafakitale ndi amene ankaphunzitsa anyamata kusunga nthawi ndi kuyeza kawiri asanadule. Popeza tsopano achepa, udindowo wabwerera kwa amisiri a m'makonde, ndipo ambiri a iwo akukalamba popanda wowalowa m'malo.

Chimene chatipweteka kwambiri ife amisiri, kuposa kaunjika, ndi bodza la “mubwere mawa”. Mayi akakupatsa chitenje cha ukwati wa Loweruka, n'kudzapeza Lachisanu madzulo chidakali chopindidwa monga anachisiyira, ndalama ya chikole utadya kale, mayiyo sadzabweranso, ndipo adzauza mpingo wake wonse kuti zopangidwa kwathu n'zosadalirika. Ukalandira ntchito, lemba m'kope miyezo, tsiku ndi ndalama zimene walandira, nsalu yotsala ubweze kwa mwini wake, ndipo ngati sungathe kumaliza pa nthawi, kana pachiyambi pomwe.

Yamba ndi mayunifolomu a sukulu, a kwaya ndi a mabungwe a amayi a kumpingo, pakuti amenewo sapezeka m'belo. Makina anga akale aja adakali kuchipinda, ndinawathira mafuta mwezi watha, ndipo lamba yekha ndiye wofunika kusintha. Ubwere udzawatenge sukulu zisanatsegulire.