Tasamutsa webusaiti koma ena akuonabe yakale

Funso: Achimwene, ndimayang'anira webusaiti ya kagulu kathu ka alimi a thonje kuno ku Ngabu. Tasamukira ku seva ina, adilesi ya IP ndasintha, koma mnzanga ku Nsanje akuti akuonabe mitengo yakale pomwe ine pafoni ndikuona zatsopano. Chavuta nchani?
Wowerenga, Ngabu

Yankho: Palibe chawonongeka apa akulu. Foni imafuna manambala a IP osati dzina, ndiye imafunsa seva ya DNS ya netiweki yanu, yomwe ntchito yake ndi kupeza manambala a IP a dzina la webusaiti, ndipo sevayo ikapeza yankho imalisunga kaye mu cache kuti isamangofunsafunsa. Nthawi yosungirayo imalembedwa pa rekodi yanu ya DNS yomweyo, pomwe munasintha adilesi ya IP paja, amati TTL, ndipo imakhala m'masekondi, 3600 ndi ola limodzi, 86400 ndi tsiku lathunthu. Ndiye ngati seva ya mnzanuyo inafunsa mutatsala pang'ono kusintha, izimutumizabe kwakale mpaka nthawiyo ithe, ngati wakabaza amene sanamve zoti munasamukira kumtunda Shire atasefukira.

Mnzanuyo ayese kuzimitsa foni nkuyatsanso, ngati ndi kompyuta ya Windows alembe ipconfig /flushdns, koma zimenezi zimangotsuka makina ake okha, za kampani ya netiweki sangazikhudze. Mwinanso ayike DNS ya Google, 8.8.8.8, kapena iyo yatola kale adilesi yatsopano.

Ulendo wina tsitsani TTL ifike 300 kutatsala masiku awiri kuti musamuke, ambiri amaitsitsa tsiku lomwelo zomwe sizithandiza chifukwa yakale ija inasungidwa kale. Seva yakaleyo musaizimitse msanga, isiyeni masiku awiri atatu, mauthenga a ogula ena akugwerabe kumeneko.