Yankho kwa achemwali ofunsa za imelo ya amalume a ku Lifuwu

Achemwali, mwafunsa kuti ndi pulogalamu iti ya imelo yaulere komanso yosavuta imene mungawaikire amalume anu a ku Lifuwu, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo tsopano asankhidwa kukhala mlembi wa gulu la alimi a mpunga. Mwanena kuti ali ndi foni ya Tecno ndi laputopu yakale imene munawasiyira, komanso kuti kupatula kuimba foni ndi WhatsApp, zina zonse amachita nazo mantha. Maganizo anga ndi akuti agwiritse ntchito Gmail pa foni yomweyo, laputopu muyambe mwaisiya kaye, ndipo mtima wanu wonse muuike pa pasiwedi ndi nambala ya foni, chifukwa achikulire ambiri imelo imawatayikira pamenepo.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu ena amazisakaniza. Adiresi ya imelo ili ngati bokosi la ku positi ofesi, limene amalume monga mphunzitsi wakale akulidziwa bwino, pamene pulogalamu ndi kiyi wotsegulira bokosilo. Munthu atha kukhala ndi adiresi ya Gmail n'kumaitsegula ndi pulogalamu ya Gmail pa foni, kapena ndi Thunderbird pa kompyuta, makalata ake n'kukhala omwewo. Choncho zimene mungasankhe lero sizikumangani manja m'tsogolo.

Chifukwa chachikulu chimene ndasankhira Gmail n'chakuti mafoni amakono a Tecno ndi Itel amayendera Android, imene ndi ya kampani ya Google, ndipo pulogalamu ya Gmail imabwera ili kale m'fonimo. Simufunika kuwononga bandulo poikoka pa intaneti, ndiponso simuwonjezera chinthu chachilendo pa foni ya munthu amene akuopa kale. Gmail inayamba m'chaka cha 2004 ndipo imapereka malo aulere okwana 15 GB. Outlook ya kampani ya Microsoft, imene inalowa m'malo mwa Hotmail, komanso Yahoo Mail imene inayamba mu 1997, zonse zimagwira ntchito bwino ndipo ndi zaulere, koma zingafune kuti amalume atsegule akaunti ina n'kusunga pasiwedi ina pamwamba pa ya Google, imene foni yawo ikuifuna kale. Muganizirenso za tsiku limene adzasokonezeke inu muli kutali. Mlangizi wa zaulimi, mphunzitsi wa pa sukulu yapafupi kapena mdzukulu amene wabwera pa holide, aliyense mwa amenewa akhoza kuwathandiza msanga pa Gmail chifukwa ndi imene ili m'foni mwake.

Musanachite china chilichonse, tengani foniyo, tsegulani Gmail, mudine kachithunzi kozungulira kamene kali pamwamba chakumanja, muone adiresi imene ilimo. Ndimaona kawirikawiri pa Kamuzu Road ku Salima kuno munthu wamkulu akangogula foni, amaipereka kwa mnyamata wa pa shopu kuti amuikire WhatsApp. Mnyamatayo, pofuna kutsegula Play Store, amapeka adiresi pomwepo, dzina lolembedwa molakwika n'kuphatikizapo manambala angapo, pasiwedi n'kuilemba pa kapepala ka risiti, ndipo nthawi zina amaikapo nambala yake ya foni. Wogulayo amapinda kapepalako n'kukaika m'thumba la malaya, malayawo n'kukachapidwa. Mnyamatayo sakhala ndi cholinga choipa, amangofuna kuthandiza kasitomala mwachangu, koma zotsatira zake n'zakuti mwini foni amakhala ndi akaunti imene sangathe kuitsegula pa foni ina. Ngati ya amalume ili choncho, musalimbane nayo. Atsegulireni yatsopano ya dzina lawo lenileni, lalifupi, losavuta kulitchula pa foni, poti adzakhala akuipereka kwa ogula mpunga ndi a mabungwe. Yakaleyo musafulumire kuichotsa, chifukwa n'kutheka kuti manambala a anzawo anasungidwa mmenemo.

Potsegula akauntiyo, Google imafunsa nambala ya foni yothandizira munthu akaiwala pasiwedi. Apa muikepo nambala ya amalume eni ake, kaya ndi ya Airtel kapena ya TNM, imene inalembetsedwa ndi chiphaso chawo cha unzika, komanso imene amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ubwino wake ndi wakuti foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi ku dimba, atha kupita ndi chiphaso chawo kukatenga simukhadi ina ya nambala yomweyo, ndipo uthenga wotsegulira imelo udzawapeza. Musaikepo nambala ya simukhadi imene imangokhala m'chikwama, chifukwa nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatha kutsekedwa n'kuperekedwa kwa munthu wina. Adiresi yanu ya imelo muiike ngati njira yachiwiri yothandizira. Ena amati pasiwedi siyenera kulembedwa papepala, koma kwa munthu wa msinkhu wa amalume ine sindigwirizana nazo. Ailembe okha ndi dzanja lawo m'kope limene limasungidwa m'nyumba pamodzi ndi mapepala a penshoni, asamayende nalo, ndipo isakhale dzina la mwana wawo kapena chaka chawo chobadwa. Mawu atatu kapena anayi a Chichewa osagwirizana, ophatikiza ndi manambala, amakumbukika mosavuta koma ndi ovuta kuti wina awalote.

Chinthu china chimene chimapweteka anthu mwakachetechete ndi malo aja a 15 GB. Malowo si a makalata okha, amagawana ndi Google Drive ndi Google Photos, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa 2024 zimene WhatsApp imasunga pa Google zimawerengedwanso momwemo. Amalume ngati ali m'magulu a mpingo, a maliro ndi a aphunzitsi opuma, mavidiyo amene amatumizidwa mmenemo atha kudzaza malowo, ndipo malowo akadzaza, imelo imasiya kulandira ndi kutumiza makalata. Choncho lowani mu WhatsApp, pamalo osungira mauthenga, muzimitse kusunga mavidiyo. Izi zidzawapulumutsiranso bandulo. Dziwaninso kuti Google inanena kuti kuyambira mu December 2023 itha kufufuta akaunti imene yatha zaka ziwiri osatsegulidwa, ngakhale kuti kwa mlembi wa gulu zimenezi sizingakhale vuto.

Pa za netiweki musade nkhawa kwambiri. Kalata ya mawu okhaokha imadya bandulo yochepa kwambiri, ndipo makalata a masiku aposachedwa amene anafika kale pa foni amawerengeka ngakhale intaneti palibe. Akalemba kalata netiweki itathawa, imadikira m'foni n'kudzapita yokha netiweki ikabwera. Chokhacho n'chakuti Gmail salola kumata zinthu zopitirira 25 MB pa kalata imodzi, koma malipoti a gulu ndi zithunzi zingapo sizifika pamenepo.

Powaphunzitsa, foni ikhale m'manja mwawo, inu manja anu akhale pamwendo, ngakhale mutaona kuti akuchedwa. Tsiku loyamba aphunzire kutsegula kalata ndi kuiyankha basi. Muwatumizire kalata muli pakhonde pomwepo, aione ikufika, adine Reply, alembe, kenako adine kamuvi kotumizira. Tsiku lina aphunzire kuyamba kalata yawoyawo ndi Compose, ndipo pomaliza aphunzire kujambula chikalata cha gulu chokhala ndi chidindo n'kuchimata pa kalata, chifukwa pa udindo wawo chimenechi ndicho adzachichite kawirikawiri. Poti ndi mphunzitsi, apempheni kuti alembe okha ndondomekoyo m'Chichewa m'kope lawo n'kujambula zizindikirozo pambali pake, chifukwa zolemba okha adzazikhulupirira kuposa zanu. Mukulitsenso zilembo za pa foniyo kuti asamavutike maso, ndipo chizindikiro cha Gmail muchiike poyera, pafupi ndi cha WhatsApp. Makalata a m'Chichewa atha kulemba popanda vuto, kungoti foni imakonda kusintha mawu athu kuti akhale a Chingerezi, ndiye muzimitse mbali imene imakonza mawu yokha.

Muwachenjeze mosapsatira mawu za akathyali. Mmene anthu amanamizira anzawo pa foni kuti apata mphoto kapena kuti atumiza ndalama molakwika, ndi mmenenso amachitira pa imelo, ndipo mlembi wa gulu la alimi adzalandira makalata olonjeza ngongole kapena thandizo la mabungwe akunja, ofuna kuti ayambe watumiza ndalama yolembetsera. Awauze ndinu kuti pasiwedi, nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena ya Mpamba, komanso manambala amene Google imatumiza pa foni, siziperekedwa kwa munthu aliyense, ndipo kalata iliyonse yokhudza ndalama imene akuikayikira ayambe akuimbirani asanadine paliponse.

Laputopu idzafunika pamene ayamba kulemba malipoti ataliatali. Nthawi imeneyo ndingalimbikitse Thunderbird, pulogalamu yaulere yochokera ku Mozilla imene yakhalapo kuyambira 2003. Ilibe zotsatsa malonda, ndipo imasunga makalata pa kompyuta kotero kuti amawerengeka popanda intaneti, zomwe n'zothandiza kwa munthu amene intaneti yake amaitenga pa foni. Mudzangoikamo adiresi yomwe ija ya Gmail, ndipo mukadzafunsidwa musankhe IMAP kuti makalata a pa foni ndi a pa laputopu azifanana. Muyambe mwaona kaye mtundu wa Windows umene ulimo, chifukwa Thunderbird yatsopano imafuna Windows 10 kapena yoposera pamenepo. Ngati ili ndi Windows 7, ndi bwino amalume apitirize ndi foni kufikira mutapeza wokonza makompyuta wodalirika ku Salima kuno woti aione ngati ingathe kulandira Windows yatsopano.