Tulo pa chiwongolero: yankho kwa bambo wa ku Area 25

Bambo wina wa ku Area 25 wandilembera imelo, ndipo ndaifupikitsa motere: "Ndinapita kumaliro ku Mzimba Lachisanu nditaweruka kuntchito. Tinachezera pasiwa, ndipo Loweruka titaika maliro ndinauyamba wobwerera ku Lilongwe. Nditadutsa Kasungu ndinangodzidzimuka matayala akulira m'miyala kumbali kwa msewu, ana ali kumbuyo. Kodi ndizimwa chiyani kapena kutafuna chiyani kuti tulo tisamandigwire pa maulendo otere?"

Bambo, pepani ndi zovutazo, ndipo tithokoze kuti munafika. Koma yankho langa mwina silikusangalatsani. Palibe chakumwa kapena chotafuna chimene chikanakupulumutsani tsiku limenelo. Mankhwala a tulo ndi kugona basi, zina zonsezi zimangotichedwetsa pang'ono.

Tawerengani nokha maola. Ngati munadzuka 5 koloko Lachisanu m'mawa, n'kugwira ntchito tsiku lonse, n'kuyendetsa usiku, n'kuchezera panja ndi azibambo anzanu pamoto, ndiye kuti pofika Loweruka madzulo munali mutatha maola oposa 30 osagona tulo teniteni. Kusinza pampando wapulasitiki kwaya ikuimba sikuwerengedwa. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 1997 anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo akakwanitsa maola 24 amafika pafupifupi pa 0.10. Inu amene simungalole kukwera galimoto ya dalaivala woledzera, tsiku limenelo munali dalaivala wotero, chonsecho simunalawe dontho.

Choopsa n'chakuti tulo ta pamsewu sitigogoda. Ubongo ukatopa umadzizimitsa wokha kwa masekondi ochepa, nthawi zina maso ali chitsegulire, mwini wake osadziwa kuti wagona. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Mukachoka masekondi 4 okha, yayenda mamita oposa 110 yokha, kupitirira kutalika kwa bwalo la mpira. Ndiye kumbukirani zimene zimakhala pa M1 usiku: ngolo yopanda chonyezimira, thiraki yofera pamsewu imene chizindikiro chake ndi nthambi zamasamba zokha, anyamata a makala amene amakankha njinga m'bandakucha kulowera m'tauni. Wogona saponda mabuleki, n'chifukwa chake ngozi zotere zimakhala zoopsa kwambiri.

Thupi lilinso ndi nthawi zake zimene limafuna kugona kaya mwatopa kaya ayi. Yoipitsitsa ndi kuyambira cha m'ma 2 koloko usiku kufika 6 koloko m'mawa, ina ndi masana, cha m'ma 2 kufika 4 koloko. Muone mmene mwambo wathu umagwera. Timachoka kumanda dzuwa litapendeka, timasamba m'manja, timadya nsima yambiri chifukwa kukana n'kupanda ulemu, kenako timalowa m'galimoto yotentha pa nthawi yeniyeni imene thupi likufuna mphasa.

Tsopano za njira zimene madalaivala amauzana. Kutsegula windo, kukweza wailesi, kutafuna chingamu kapena chimanga chokazinga, kudzitsina, kusamba kumaso: zimakudzutsani mphindi zochepa, ndipo vuto lake zimakunamizani kuti muli bwino. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zimagwiradi ntchito, koma osati pomwepo. Kafeini amene ali m'zakumwazi amatenga mphindi 20 kapena 30 kuti ayambe kumveka, ndipo sachotsa kutopa, amangotsekereza uthenga wake kuti usafike ku ubongo kwa kanthawi. Akatha mphamvu, tulo timabwera tonse pamodzi.

Chimene chimathandiza mukagwidwa muli kale panjira ndi ichi. Imani pamalo owala, monga pa filing'i siteshoni kapena pafupi ndi rodibuloko ya apolisi. Kumpoto kwa Lilongwe kuli Jenda, Kasungu, Mponela. Wa ku Blantyre ali ndi Dedza, Ntcheu, Zalewa. Osaima m'mbali mwa phula pamdima kapena pokhota. Imwani khofi wanu, khomani zitseko, tcherani alamu ya foni, gonekani mpando, mugone mphindi 15 kapena 20. Podzuka kafeini uja amakhala akuyamba kugwira. Tsikani, yendaniyendani pang'ono mutu uyere, kenako pitirizani. Musapitirire mphindi 20 kwambiri, chifukwa mukalowa tulo tofa nato mumadzuka muli wozunguzika. Dziwaninso kuti kameneka n'kongokufikitsani pogona papafupi, sikobwezera usiku wonse umene simunagone.

Muime liti? Mukayamba kuyasamula pafupipafupi, zikope kulemera, mutu kugwa, kapena mukazindikira kuti mwafika pa Madisi koma simukukumbuka mmene mwadutsira makilomita apitawo, nthawi yoima yakwana kale. Ambiri amalakwa akayandikira kwawo. Magetsi a ku Lumbadzi akangooneka, munthu amati ndafika, ndipirire. Tulo sitidziwa kuti kwatsala makilomita 20.

Koma nkhani yanu, bambo, inafunika kukonzedwa musananyamuke. Ngati mukudziwa kuti ndinu woyendetsa, uzani akuluakulu pamaliropo kuti mukatsamire m'galimoto maola angapo usiku. Ena adzanena, inde, koma amene adzakwere nanu ndi omwewo. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Ngati sizitheka, tengani wina wa laisensi muzisinthana, kapena gonani komweko munyamuke Lamulungu kutacha. Panjira muzipuma mphindi 15 maola awiri aliwonse ngakhale mukumva bwino. Ndipo wokhala kutsogolo asagone. Ntchito yake ndi kucheza nanu ndi kukuyang'anani kumaso, ndipo akati imani, musakwiye.

Onaninso mankhwala. Piriton ndi mankhwala ena a chimfine ndi chifuwa amagonetsa, ndipo mowa ngakhale botolo limodzi pa thupi lotopa umawonjezera moto. Pogula ku famase nenani kuti muyendetsa galimoto.

Chinthu chomaliza, funsani mayi akunyumba. Ngati akuti mumaliza mkonono kwambiri, nthawi zina kupuma kumaima n'kudzidzimuka ngati mwatsamwa, ndipo masana mumasinza ngakhale mwagona usiku wonse, kaonaneni ndi dokotala. Pali matenda otsekeka mpweya m'tulo amene amachititsa zimenezi, ndipo ali ndi chithandizo chake.