Yankho kwa alamu pa nkhani yosankhira mwana sukulu ya mkaka

Alamu, ndamva funso limene mwaika m'gulu lathu lino, ndipo ndaona kuti ndiyankhe pakamwa chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Mwanena kuti mwana wathu akwanitsa zaka zitatu posachedwa, ndipo mwayendera sukulu ziwiri za mkaka. Pa yoyamba munapeza ana a msinkhu wake atakhala m'mizere akukopera zilembo m'makope, ndipo munamva kuti amapatsidwanso ntchito yokalembera kunyumba. Pa yachiwiri munapeza ana akusewera ndi mchenga, ena akuimba, mpaka munakayika ngati pali chimene amaphunzira. Tsono mukufunsa kuti musankhe iti.

Ndisanayankhe zimenezo, ndikadakonda kumva za munthu amene azikhala ndi mwanayo kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka, pakuti pa zonse zimene mwafotokoza simunatchule alezi. Pa msinkhu umenewu mlezi ndiye sukulu yeniyeni. Nyumba ingathe kukhala yopakidwa penti wokongola, zidole zingathe kudzaza mashelefu, koma mwana amakula ndi mmene munthu wamkulu akumuyankhira. Akatswiri a pa yunivesite ya Harvard ku America amene amafufuza za kakulidwe ka ana amanena kuti m'zaka zoyambirira za moyo, maselo a mu ubongo amalumikizana m'malo atsopano oposa 1 miliyoni pa sekondi iliyonse, ndipo chimene chimalimbitsa kulumikizanako ndi kuyankhana: mwana aloza chinthu kapena alankhula, wamkulu amuyankha, mwanayo aonjezapo, wamkuluyo amuyankhanso. Zimenezi sizingachitike ngati mlezi ali pa bolodi ndipo ana onse akungobwereza mawu ake pamodzi.

Choncho mubwerere ku sukulu zonse ziwiri ndipo mupemphe kukhala m'kalasi kwa theka la ola kapena kupitirira, osati mu ofesi ya mkulu wa sukulu. Muone ngati mlezi amawadziwa ana onse ndi mayina awo, ndiponso ngati amawerama kuti alankhule ndi mwana maso ndi maso. Mumvetsere chimene amachita mwana akamufunsa funso losayembekezeka, ngati amaliyankha kapena amangomuuza kuti akhale chete. Makamaka mudikire nthawi imene zinthu zivute, chifukwa pa gulu la ana ang'ono sizichedwa kuvuta. Awiri adzalimbirana chidole, wina adzataya madzi, wina adzadzikodzera. Mlezi wabwino samuchititsa manyazi mwana wodzikodzera pamaso pa anzake, amamutengera pambali n'kumusintha zovala mwakachetechete. Kwa olimbirana chidole amawathandiza kunena chimene akufuna ndi kudikirana. Muyang'anenso anawo mlezi akamayandikira. Ana amene amamenyedwa kapena kukalipiridwa amadzidzimuka ndi kufinyika munthu wamkulu akafika pafupi, pamene ana ozolowera chifundo amamuthamangira ndi kumugwira chovala. Bata lalikulu m'kalasi ya ana a zaka zitatu ine limandidetsa nkhawa kuposa phokoso.

Muwerengenso ana ndi alezi ndi maso anu, musangodalira zimene mwauzidwa. Bungwe la NAEYC la ku America, limene limayendera ndi kuvomereza sukulu za ana ang'ono, limalangiza kuti pa msinkhu umenewu mlezi mmodzi asapitirire ana 10, ndipo gulu lonse lisapitirire ana 20. Si paliponse pamene zimenezi zimatheka, koma mukapeza munthu mmodzi ali ndi ana 40, dziwani kuti ngakhale akhale wa mtima wabwino chotani, ntchito yake idzangokhala yoletsa ngozi. Mufunsenso kuti aleziwo akhala pa sukuluyo kwa zaka zingati ndiponso anaphunzira zotani za kalereredwe ka ana. Pamene alezi amasinthasintha teremu iliyonse, mwana amayambiranso kuzolowera munthu watsopano, ndipo kawirikawiri kusinthaku kumasonyeza kuti antchito sasamalidwa bwino.

Tsopano pa nkhani ya makope ija, ndikumvetsa chifukwa chake yakukopani. Kholo lililonse limafuna kuona chogwirika, ndipo tsamba lodzaza zilembo limaoneka ngati umboni woti ndalama zikugwira ntchito. Koma dzanja la mwana wa zaka zitatu silinakhwime mokwanira kuti ligwire pensulo kwa nthawi yaitali ndi kulemba pakati pa mizere. Minofu ya zala imalimba pamene iye akuumba dongo, kutunga mikanda, kung'amba mapepala, kumanga mabatani ndi kukhwatchakhwatcha momwe akufunira. Mwana amene akuthira mchenga kuchoka m'chitini chachikulu kupita m'chaching'ono akuphunzira za kuchuluka ndi kuchepa, ndipo amenewo ndi masamu. Amene akuimba nyimbo za mawu ofanana kumapeto akuzolowetsa khutu lake kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu, ndipo luso limeneli ndilo lidzamuthandize pophunzira kuwerenga. Mbewu simakula msanga chifukwa choikoka masamba, ndipo mwana wokakamizidwa kulemba nthawi isanakwane angathe kudana ndi pensulo asanafike n'komwe ku pulayimale.

Maganizo amenewa si atsopano. Friedrich Fröbel, amene anayambitsa sukulu ya mtundu umenewu ku Bad Blankenburg m'dziko la Germany n'kuipatsa dzina la kindergarten mu 1840, anaika patsogolo nyimbo, timatabwa tomangira ndi kusamalira timinda. Maria Montessori anatsegula sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907 pakati pa mabanja osauka, ndipo anaikamo mipando ndi matebulo a msinkhu wa ana kuti azidzisankhira ntchito ndi kuigwira ndi manja awo. Apa ndikuchenjezeni pang'ono kuti dzina la Montessori limalembedwa pa zikwangwani zambiri, ndipo kulembako pakokha sikutsimikizira kanthu. Chotsimikizira ndi zimene mudzaone m'kalasi.

Pali kafukufuku wina amene ndimamukumbukira nthawi zonse pa nkhani imeneyi. Anayamba mu 1962 ku Ypsilanti m'chigawo cha Michigan ku America, pa sukulu ya Perry, ndipo anatsata ana 123 ochokera m'mabanja osauka, amene ena mwa iwo analowa sukulu ya mkaka pamene ena sanalowe. Olowawo ankakhala ku sukulu maola awiri ndi theka okha m'mawa, mphunzitsi mmodzi ankayang'anira ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo aphunzitsi ankayendera makolo kunyumba sabata iliyonse. Patapita zaka zochepa, kusiyana kwa magulu awiriwa pa mayeso oyeza nzeru kunazimiririka. Koma atawatsata mpaka anawo atakwanitsa zaka 40, anapeza kuti mwa amene analowa sukulu ija, ambiri anamaliza sekondale, ankapeza ndalama zochulukirapo, ndipo ochepa ndi amene anamangidwapo kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo. Ine ndimamva kuti chimene chinakhalitsa mwa anawo ndi khalidwe: kudikira, kumaliza chimene wayamba, kukhala bwino ndi anzako. Muonenso kuti sukuluyo inali ya ana ochepa, aphunzitsi ophunzira bwino ndi makolo otengapo mbali, kotero sitinganene kuti sukulu iliyonse ya mkaka imabala zipatso zomwezo.

Mufunse ndondomeko ya tsiku lonse. Malangizo amene bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linatulutsa mu 2019 amati mwana wa zaka zitatu kapena zinayi azisewera moyendetsa thupi kwa mphindi zosachepera 180 pa tsiku, asakhazikidwe malo amodzi kupitirira ola limodzi, asaonere kanema kapena foni kupitirira ola limodzi, ndipo azigona maola 10 mpaka 13 kuphatikizapo tulo ta masana. Ngati sukulu ilibe bwalo losewerera kapena malo ogona ana otopa, kapena ngati imakhazika ana pa wailesi ya kanema kuti alezi apume, yalephera kale pa zimenezi.

Za chitetezo ndi ukhondo ndinena mwachidule chifukwa mukuzidziwa. Mulowe m'chimbudzi cha ana muone nokha, ndipo muone ngati pali madzi ndi sopo pamalo pamene mwana angafikire. Muyang'ane mpanda ndi chipata, mufunse mmene amatsimikizira munthu wobwera kudzatenga mwana, zimene amachita mwana akadwala kapena akavulala, ndiponso ngati sukuluyo inalembetsedwa ku boma. Mufunse mosabisa mawu ngati amamenya ana. Kenaka mufunse ngati kholo lingabwere nthawi ina iliyonse popanda kudziwitsa, ndipo akakana kapena akazengereza, ine sindikanasiyako mwana wanga.

Chilankhulo nachonso musachinyalanyaze. Bungwe la UNESCO, loona za maphunziro pa dziko lonse, lakhala likunena kuyambira mu 1953 kuti mwana amayamba bwino maphunziro m'chilankhulo chimene amalankhula kunyumba. Kumva chilankhulo china m'nyimbo ndi m'masewera n'kwabwino, koma mwana wa zaka zitatu ayenera kukhala womasuka kunena kuti m'mimba mukupweteka kapena kuti wina wamumenya, ndipo sukulu imene imalanga ana chifukwa cholankhula chilankhulo chawo imawatsekera pakamwa pa zinthu ngati zimenezi. Muganizirenso kutalika kwa ulendo ndi ndalama zimene mungakwanitse kulipira popanda kudukiza, chifukwa kumuchotsa mwana pakati pa chaka kumamusokoneza kuposa kumuyambitsa pa sukulu yooneka wamba koma yokhazikika.

Monga mwafotokozera, mtima wanga ukupendekera ku sukulu yachiwiri ija, koma pali chinthu chimodzi choti mutsimikize. Kusewera kumene ndikukuyamikira ndi kumene mlezi ali pakati pa ana, akucheza nawo, akuwafunsa zimene akumanga, ndipo tsiku lililonse amawawerengera buku kapena kuwafotokozera nthano. Ngati munapeza ana akusewera okha alezi atakhala pamthunzi akuyang'ana mafoni, kumeneko n'kungowasiya, ndipo pamenepo ndi bwino kufunafuna sukulu yachitatu.

Mukasankha, muyembekezere kuti masabata oyambirira azilira pomusiya, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti mwalakwitsa. Muzimutsanzika momveka n'kumuuza nthawi imene mudzabwere, musamazembe iye akuyang'ana kumbali, chifukwa kuzembako kumamuchititsa kuti asakukhulupirireni. Mufunse mlezi kuti kulirako kumatenga nthawi yaitali bwanji inu mukachoka. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi mwana amene patatha mwezi akuopabe munthu wina wake ku sukuluko, wasiya kulankhula, kapena wayambiranso kukodza pogona atasiya kale. Mukapitanso kukayendera, mupite pakati pa m'mawa pamene ana ali pa zochita zawo, mumutenge mwanayo kuti muone mmene alezi amulandirire, ndipo mudzandiuze zimene mwaona kuti tikambiranenso musanalipire.