Kamphira kamene kanandiwumitsira tomato dimba lonse

Bambo wina wa ku Kamwendo, ku Mchinji, anditumizira imelo sabata yathayi. Pampu yawo ya sola ya m'chitsime yaima kachiwiri, mmisiri wawauza kuti madzi alowa pa pulagi ya waya, ndiye akufunsa ngati angabwezeretse ka O-ring komweko (kamphira kozungulira kotchinga madzi) atakapaka Vaseline n'kukulunga tepi. Bambo, mwandiponda pachilonda.

Zimenezo ndi zomwe ndinachita ine. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno ku Kasungu mukulidziwa, tomato wanga kudimba chakufupi ndi Bua atangoyamba maluwa. Pampu inayamba matama: m'mawa madzi khwaa, ikamakwana 11 koloko zii. Tinaikoka ine ndi alamu anga, paipi ya mamita 30, manja mpaka matuza. Titamasula pomwe waya amalowera ku mota tinapeza timadontho, tizitsulo ta m'kati titayamba kubiriwira. Kamphira kozungulira kaja kanali kataphwatalala, kosabwereranso ukakafinya. Alamu anakakolokosola ndi nsonga ya mpeni, n'kukayang'ana padzuwa, amvekere, "Aka kadakali kabwinobwino alamu, ndalama zanu n'zambiri eti?" Tinakapaka girizi wa njinga, kukabwezera, pamwamba n'kukulunga mphira wa chubu, uja timamangira katundu pakaliyala. Tinamanga ngati thumba la makala lopita kutauni. Ine n'kuwagulira alamuwo Fanta yothokoza.

Inagwira ntchito masiku 9 basi. Mota inapsa, ndipo pofika nthawi yoti ndapeza ina, tomato anali atagona yense. Akazi anga sananene kanthu, koma ndiwo zinali zopanda tomato sabata yonse, ndipo uthengawo ndinaumva.

Mphira wa chubu ndimaulemekeza, musandimve molakwa. Wagwira zidebe, mipini ya makasu, ngakhale mabampala a maminibasi. Koma pansi pa madzi alibe ntchito, ndipo amene akutsutsa abwere adzaone mota yanga, ili pakhonde mpaka lero. Mamita 10 alionse omwe pampu yamira, madzi amaonjezera kukankha pafupifupi 1 bar (bar ndi muyeso wa kukankhako). Ikakhala mamita 20 pansi pa madzi ndiye kuti 2 bar, usana ndi usiku, ngakhale pampuyo itazima. Madzi sagona. Kamchenga kamodzi, katsitsi kamodzi kopingasa pa kamphirako, kapena kamzere komwe mpeni wa alamu unakanda m'ngalande momwe kamakhala, njira yapezeka kale. Tepi wakuda uja amanyengerera maso anu okha, guluu wake amalekerera akakhalitsa m'madzi.

Chondipweteka n'chakuti nzeru imeneyi ili m'mudzi momwemo. Mijigo ya Afridev yomwe ili paliponseyi inayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nthawi imeneyo ikutchedwa Maldev, ndipo anaipanga dala kuti anthu wamba azitha kusintha timphira take okha. Mayi anga anakhalapo m'komiti ya mjigo. Madzi akamachedwa kutuluka m'mawa, mpaka kupopa thukuta kamukamu, iwo ankadziwiratu kuti futuvavu (kotsekera ka pansi koletsa madzi kubwerera m'chitsime) ikutaya, ndipo m'kachikwama ka komiti munkakhala O-ring watsopano. Sankachapa wakale ayi. Koma ife a sola, ndi mapanelo athu onyezimira, timadziona ngati tinapita patsogolo, chonsecho tikuumira kanthu kosafika mtengo wa ndowa imodzi ya tomato.

Nawonso ogulitsa ali ndi mlandu. Sitolo ina paboma pano imapachika ma O-ring pamsomali pafupi ndi zenera, dzuwa n'kumawaotcha miyezi. Mphira wotero amauma n'kuyamba timing'alu, wopachikidwayo amatamukanso. Nditawauza anyamata a m'sitolomo anangoseka, ati amdala mwaphunzira kwambiri.

Tsono yankho lanu, bambo

Ayi, musakabwezeretse. Mukatsegula pulagi, kakale katayeni mukangogula katsopano. Yambani mwazimitsa ndi kuchotsa mawaya a mapanelo, chifukwa kukakhala dzuwa magetsi amakhalamo ndithu. Kamphirako kachotseni ndi kamtengo kotokosera m'mano kapena kapulasitiki, osati chitsulo. Pukutani ngalandeyo ndi kansalu kosasiya ulusi, muunike ndi tochi ya foni. Ngati yakandika kapena tizitsulo tadyeka, sinthani pulagi yonse. Pogula watsopano payenera kufanana zinthu ziwiri, kukula kwa bowo la m'kati ndi kunenepa kwa mphirayo, ndiye tengani wakaleyo ndi dzina la pampu. Vaseline ndi girizi wa galimoto amatupitsa mphira wa mtundu wa EPDM. Wa nitrile amapirirako, koma onse ndi akuda, simungawasiyanitse ndi maso, choncho pakani girizi wa silicone, pang'ono pongoti panyezimire. Kalowe kosapotoka, ndipo musamange mwaukali mpaka kukatswanya. Ngati vuto lili pomwe munalumikiza mawaya awiri, pamenepo pafunika joini ya resin (mankhwala othira omwe amauma n'kulimba) kapena heat shrink (kapaipi kofota kakatenthedwa) ya guluu m'kati.

Mukapeza saizi yake gulani atatu, otsalawo muwasunge m'kajumbo m'kabati. Alamu anga mpaka pano amati vuto linali pampuyo, ati inabwera yodwala kale. Chaka chino agula yawo, ndipo ndaona chubu chakale chili pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo.