Bambo angathe kusamalira khanda inu mukabwerera kuntchito

Mayi, musasiye ntchito chifukwa choti bambo a kunyumba akuti kulera khanda ndi kwa akazi. Kupatula kuyamwitsa, palibe chimene bambo sangachite: kusambitsa, kusintha matewera, kugoneka mwana, kupita naye kusikelo.

Yambani kudakali milungu 2 musanabwerere. Mugawane ntchito zotchulika ndi dzina, chifukwa mawu oti "muzindithandiza" amachititsa munthu kudikira kuuzidwa, ndipo wokumbukira zonse mumakhalabe inu. Kusambitsa madzulo kukhale kwawo kwathunthu, kuyambira kutenthetsa madzi mpaka kuchapa thaulo. Chimene chimaononga kawirikawiri ndi kuwalanda mwana akangolira. Manja amazolowera pogwira, ndipo munthu wodzudzulidwa pa chilichonse amangozisiya.

Mwana wosakwana miyezi 6 apitirize mkaka wa m'mawere wokha. Finyirani m'kapu yoyera yovundikira. Umakhala bwino maola 4 pamalo osatentha, kapena masiku 4 mufiriji.

Mukaona kuti mwakhala wokhumudwa kapena simukupeza tulo ngakhale mwana atagona kopitirira milungu 2, onanani ndi namwino kapena dokotala. Zikafika pomenyedwa kapena kulandidwa malipiro, pitani kupolisi kapena kwa mlangizi wa mabanja.