Kupeza deta ya mitengo ya Bitcoin popanda kugula ndalamayo

Wophunzira wa chaka chachitatu cha statistics walemba kuti akufuna kufufuza mmene mtengo wa Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, umakwerera ndi kutsika. Sakudziwa kotenga deta, ndipo makolo ake akuopa kuti aikamo ndalama.

Makolo mtima ukhale m'malo. Mitengo ya pamsika aliyense angathe kuiona, moti inu wophunzira simufunika akaunti kapena API key (kiyi yachinsinsi yolumikizira pulogalamu ku akaunti). Chofunika ndi Python basi, chilankhulo cholembera mapulogalamu, kenako mulembe pip install ccxt pandas kuti muike malaibulale awiri: ccxt yotengera deta ndi pandas yoisanjira.

Laibulale ya ccxt imalumikizana ndi misika yambiri ya ndalama za pa intaneti. Mukasankha msika wa Binance, itanani fetch_ohlcv pa BTC/USDT (mtengo wa Bitcoin mu USDT, ndalama ya pa intaneti yotsatira dola ya ku America), nthawi ikhale 1d, kutanthauza mzere umodzi pa tsiku. Mzere uliwonse umabwera ndi zinthu zisanu ndi chimodzi: nthawi, mtengo wotsegulira, wokwera kwambiri, wotsika kwambiri, wotsekera, ndi kuchuluka kwa zomwe zagulitsidwa.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Binance imapereka mizere yosapitirira 1,000 pa pempho limodzi. Ikakhala ya tsiku ndi tsiku, ndi zaka ziwiri ndi miyezi pafupifupi 9. Ikakhala ya ola lililonse, ndi masiku 41 okha. Ndiye muzipempha mobwerezabwereza, mukusuntha since (nthawi yoyambira pempho) kuti iyambire patsogolo pa mzere womaliza. Pa msika wa Kraken njira iyi siigwira, chifukwa imangopereka mizere 720 yaposachedwa. Musazimitse enableRateLimit, yomwe imachepetsa liwiro la mapempho mu ccxt: mukapempha mothamanga mulandira uthenga wokana wa 429, ndipo mukakakamira amakutsekerani kwa kanthawi.

Nthawi imabwera m'ma millisecond, choncho poisintha kukhala deti ndi pd.to_datetime ya pandas, ikani unit="ms" ndi utc=True. Mzere womaliza muufufute, popeza tsikulo silinathe ndipo mtengo wake wotsekera ukusinthabe. Zotsalazo sungani mu fayilo ya CSV ndi deti lomwe mwakopera, kuti aphunzitsi akabwereza apeze zofanana ndi zanu.

Powerengera, musagwiritse ntchito mitengo yeniyeniyo, koma kusiyana kwa log ya mtengo wa lero ndi wa dzulo. Kuti mupeze volatility ya chaka (kukula kwa kukwera ndi kutsika kwa mtengo), chulukitsani standard deviation ya kusiyanako ndi square root ya 365, osati 252 ya m'mabuku a masheya, chifukwa msika uwu sutseka Loweruka kapena Lamlungu.

Mukafuna kuyerekeza ndalama zingapo za pa intaneti, chonde musangotenga zomwe zili pamwamba lero. Ndalama ya LUNA inali m'gulu la zikuluzikulu isanagwe mu May 2022. Mukasiya zotere, zotsatira zanu zidzaoneka zokoma kuposa mmene msika unalili, ndipo woyesa wodziwa ntchito adzakufunsani zimenezi.